Madala okonza ndodo za pool ku Ndirande: ndapitako kangapo, nazi zimene ndaona

Anzanga a mu ligi akhala akundifunsa kuti ndodo yanga ndinakakonzetsa kuti, popeza ambiri anaiona mmene inalili usiku umene anyamata a ku Bangwe anatigonjetsa pakhomo pathu. Ndati ndilembe kamodzi kuti aliyense wosewera pool mu Blantyre muno adziwe kumene angathawire ndodo ikavulala. Koma kuti mumvetse chimene ndinanyamula popita kumeneko, ndiyambe ndi usikuwo.

Linali Loweruka mu July, chiperoni chili kuwaza kuyambira m'mawa. Tinali ku Chilomoni, pa bala pomwe timu yathu imasewerera. Magemu anali ofanana, ndipo yotsiriza inagwera ine ndi mnyamata wina wamtali, wosalankhulalankhula, amene ndinali ndisanakumanepo naye. Atangomenya kachiwiri, tipi ya ndodo yake, kachikopa kakumutu komenyera mpira, inathothoka n'kugubudukira kunsi kwa tebulo. Mnzake amene anali ndi ndodo ina anali atanyamuka kale kuthamangira minibasi ya ku Limbe. Zotsala zinali ziwiri za pabalapo, zija zimakhala pakona: ina yokhota ngati uta, ina kumutu kunangotsala pulasitiki. Mu ligi yathu tinagwirizana kuti munthu akalephera kupitiriza pakatha mphindi 10, gemu yapita.

Mnyamatayo anandiyandikira nati, "Achimwene, ndibwerekeniko yanuyo, tizilandirana." Ndisanayankhe, kaputeni wathu anandikoka malaya. "Aise, usayerekeze. Akanabwera ndi sipeya. Mapointi awa ndi athu tonse, si ako wekha."

Ndinamupatsa. Tinasewera molandirana ndodo imodzi, iye akaphonya n'kundipatsira, ine ndikaphonya n'kumubwezera. Anandigonjetsa ndi ndodo yanga yomwe, mpira wakuda anaumiza pakati ine nditatsala ndi wachikasu umodzi. Anzake pomunyamula ndi chisangalalo, ndodoyo inamupulumuka n'kumenyetsa mutu pasimenti. Kamphete kamkuwa kakumutu kanang'aluka, tipi inapendekeka, ndipo pamwamba pang'ono, pomwe ndodo imatsetsereka pa chala, panatsala chibowo chophwanyika ngati palumidwa. Sanachite dala. Anapepesa mpaka maso anafiira, anafuna kundipatsa ndalama yake ya thiransipoti, ndinakana. Kaputeni sanandilankhule sabata yonse.

Amene anandilozera kwa madalawa ndi mwini bala. Alibe chikwangwani. Mukatsika pamsika wa Ndirande, lowerani mbali ya amisiri a matabwa ndi okhoma ndowa, ndipo mufunse kuti madala okonza matebulo a pool ali pati. Ndi kashedi kamalata, mkati mwadzaza miyendo ya matebulo, nsalu zakale zobiriwira ndi zabuluu zokulungidwa, ndi mtolo wa ndodo womangidwa ndi chingwe cha mphira. Ntchito yawo yeniyeni ndi kusintha nsalu ndi makushoni a matebulo m'mabala, za ndodozi amachita akakhala pashedi.

Chimene chinandikhazika mtima pansi ndi mmene anailandirira. Sanayambe ndi mtengo. Anaipukuta kaye ndi kansalu, anaiika padiso n'kuiyang'ana kutalika kwake akuitembenuza pang'onopang'ono, kenako anaigubuduza pa chidutswa cha mwala wa tebulo lakale chimene amasunga pakhomo. Mwala umenewu ndi umene umakhala kunsi kwa nsalu pa tebulo labwino, ndipo ndi wosalala kuposa thabwa lililonse. Ndodo ikakhala yokhota, mutu wake umadumphadumpha pogubuduka. Yanga inayenda bwinobwino. "Msana uli bwino, bambo," anatero. "Yavulala mutu wokha."

Chibowo chija ndinkaganiza kuti achipala ndi sandipepa, ndodo n'kuwonda. Ayi. Anadonthezapo madzi, anaphimba ndi kansalu konyowa, ndipo anakhudzitsa supuni yotentha imene anaiika pa mbaula ya mayi wogulitsa chimanga pafupi pomwepo. Anabwereza katatu. Nthunzi imatupitsa thabwa pomwe linaphwanyika, limabwerera m'malo mwake. Nditapititsa chala, ndinachita kufunafuna pomwe panali bala. Anandiuza kuti ndodo yanga ndi ya mtengo wa ash, womwe umadziwika ndi mizere yake yooneka ngati mivi, ndipo mtengo umenewu sufuna vanishi. Amaupaka mafuta a linseed pang'ono, kusiya usiku, n'kupukuta. Ndodo ya vanishi ndi ija imamata m'manja kukakhala chinyezi ngati cha mu July, munthu n'kumadzola ufa m'zala mpaka kudetsa nsalu ya tebulo.

Kamphete kamkuwa anati ndikasiye, alibe kolingana, akafufuza. Apa ndiye pali vuto loyamba la madalawa. Anandiuza kuti ndibwere Lachitatu. Ndinapempha kuchoka msanga kuntchito ku Limbe, ndinakwera minibasi ziwiri, ndinapeza shedi yotseka, akuti apita ku Lunzu kukavala tebulo nsalu. Foni yawo imaitana osayankhidwa. Ndodo ndinaitenga Loweruka. Ngati muli ndi gemu mkati mwa sabata, musawasiyire ndodo yanu yokhayo mukudalira tsiku limene anena.

Loweruka limenelo tipi anaiika ine ndikuona, ndipo apa ndi pomwe ndinakhutira kuti munthuyu ntchito amaidziwa. Anatulutsa kabokosi ka Elk Master, matipi abuluu aja ochokera ku America, nasankha imodzi yokulirapo pang'ono kuposa mutu wa ndodo. Anaikhutiza kunsi pa sandipepa mpaka buluu atachoka, chikopa chenicheni chitaonekera, chifukwa akuti guluu sagwira pa utoto. Mutu wa ndodo anausalaza ndi fayilo, anadonthezapo guluu kadontho kamodzi, anakanikiza ndi chala chachikulu akucheza nane. Itagwira, anazondotsa ndodo, tipi ili pathabwa, n'kumasenga m'mbali ndi lezala yatsopano motsetsereka ndi mkuwa, pang'onopang'ono, mpaka chikopa ndi mkuwa zinakhala ngati chinthu chimodzi. Pamwamba anapaumba ndi sandipepa, akukokera pansi kokhakokha kuchokera pakati, mpaka panakhala ngati msana wa kamba. Anati amene amakhutiza cham'mbali uku ndi uku ndi amene amathothola tipi tsiku lomwelo. Pomaliza ananyowetsa m'mbali ndi malovu n'kupukuta ndi kachikopa mpaka kunawala, kuti isadzaphwasuke ngati bowa.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiikire tipi yaikulu ngati zimene ndimaona pa ndodo zina m'mashopu a m'tauni. Anaseka, natenga mpira woyera ndi wofiira m'kabati nandipatsa m'manja. Woyera wa matebulo athu a tokeniwa ndi wocheperako ndi wopepukirako kuposa inzake, n'chifukwa chake ukagwa umatulukira kwake pomwe ina imatsekeredwa mkati. Mpira wotero umafuna tipi ya mamilimita 8 kapena 9. Zija za 12 kapena 13 ndi za pool ya ku America, ya matebulo aakulu ndi mipira yolemera. Ambiri timagula ndodo poona kukongola kwa chogwirira, osadziwa kuti tagula ya masewera ena.

Zonse pamodzi, kamphete, tipi, kuchotsa bala ndi mafuta, ndinalipira ndalama yosafika mtengo wa mabotolo anayi a Green. Anadandaula okha kuti kale zinali zotsika, koma chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, matipi ndi choko, zomwe amaitanitsa kudzera kwa anthu opita ku Johannesburg, zinakwera kwambiri. Amafuna ndalama m'manja. Risiti palibe.

Ali mkati mopukuta ndodo anandifunsa kuti inagwa bwanji, ndipo ndinawafotokozera zonse, ndi mawu a kaputeni omwe. Anakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Kubwereketsako munachita bwino, bambo. Mnzako akapsa ndevu mzimire. Koma munabwereketsa ndodo yolakwika." Anamasula mtolo uja natulutsa ndodo yakale ya thabwa limodzi, yosakongola, yoti inachokera m'bala ina yomwe inatsekedwa. Anaiwongola okha n'kuiika tipi yatsopano. Anati m'masiku awo akusewera, timu iliyonse yodzilemekeza inkasunga ndodo ya alendo, yowongoka bwino, osati zinyalala za pakona zija. Mlendo akavutika mumamupatsa imeneyo, amasewera mwaulemu, inunso yanu ili m'manja. Ndinaigula pamtengo wochepa kwambiri moti ndinawawonjezera.

Nkhani imeneyi ndakhala ndikuisinkhasinkha, chifukwa kaputeni wathu si munthu woipa ndipo zimene ananena si zopusa. Timu yathu ndi ya anthu 6. Timasonkha tokha ndalama ya ligi, ya matokeni, ya minibasi popita ku Machinjiri kapena ku Zingwangwa. Mmodzi mwa ife ndi telala, wina amagulitsa zitsulo za galimoto, ndipo ndalama imene amaponya m'thumba la timu imachoka pa ndiwo za kunyumba. Pamene ndinkapereka ndodo ija ndinkaperekanso thukuta lawo osawafunsa. Apo ndikuvomera kuti ndikanatembenuka kaye n'kuwauza anzanga kuti ine gemu ya mtundu umenewu sindiitenga, m'malo mongotambasula dzanja ngati ndili ndekha.

Ndiponso ndodo si fosholo yoti aliyense angagwire. Tipi imazolowera dzanja la mwini wake, mmene amapakira choko, mmene amamenyera pansi pofuna kuti woyera abwerere. Munthu wa dzanja lolemera akaimenyetsa buleki, kumenya koyamba komwaza mipira kuja, kawiri katatu, imalimba n'kuphwatalala, mwini wake n'kuyamba kuphonya osadziwa chifukwa. Okonda snooker, masewera ofanana ndi pool, akudziwa za Stephen Hendry wa ku Scotland, amene anatenga ukatswiri wa dziko lonse maulendo 7 pakati pa 1990 ndi 1999 ndi ndodo imodzi yotchipa yomwe anali nayo kuyambira ali mnyamata. Inathyoka mu 2003 ili m'katundu wa m'ndege, ndipo ukatswiri umenewo sanautengenso. Choncho munthu akakana kubwereketsa ndodo yake yosewerera, ine sindimuona ngati woumira. Ali ndi chifukwa.

Koma kukana chifukwa choopa kuti ndodo iwonongeka n'kosiyana ndi kukana n'cholinga choti mphindi 10 zithe, mapointi abwere okha. Chachiwirichi ndi chimene ndinamva m'mawu a kaputeni, ndipo ndi chimene mtima wanga unakana. Ndinayamba pool ndili ndi zaka 15 pa tebulo la pa Chirimba, ndilibe ndodo, ndilibe choko, ndipo zaka zitatu zoyambirira ndinkasewera ndi za anthu, ena mwa iwo anthu amene ndinkapikisana nawo pa gemu yomweyo. Ndikanakhala pampando usiku uja n'kumayang'ana wotchi, mnyamata uja atagwira ndodo yopanda mutu, mapointi tikanatenga, koma Lolemba ndikanawauza chiyani anzanga kuntchito akafunsa kuti ndinawina bwanji? Ife timapita ku ligi kuti tidziwe amene amatha kumiza mipira. Tipi yothothoka siyankha funso limenelo. Mnyamata uja anandiposa, ndipo ndimakonda kudziwa zimenezo kusiyana ndi kukhala pamwamba pa ndandanda ndisakudziwa.

Ulendo wina ndinapita ndi kaputeni yemweyo. Yake ndi ya zidutswa ziwiri, ndipo inayamba kulira pomangirira pakati akamenya. Apa madala ananena mosabisa kuti sangathe. Alibe makina ozunguza thabwa, ndipo akati ayesere ndi manja akhoza kuipotoza. Anangomuikira tipi yatsopano n'kumulangiza kuti apite kwa amisiri a makina a zitsulo. Ine zimenezi zinandisangalatsa kuposa akanalandira ndalama n'kuwononga. Dziwaninso kuti matipi amene amasunga ndi a mtundu umodzi wokhawo, ofewerapo. Okonda tipi yolimba ya zikopa zosanjikiza abwere nayo okha, iwo adzangoika. Ndipo m'shedimo mumada msanga, moti ntchito ya lezala amaichita dzuwa lisanapendeke. Fikani m'mawa, makamaka Loweruka, asananyamuke kupita kumabala.

Tili pomwepo kaputeni anaona ndodo ya alendo ija, popeza ndinabwera nayo kuti aipake mafuta. Anaigubuduza pamwala, anaiyesa kulemera m'manja, nafunsa kuti ndinagula zingati. Nditamuuza anati thumba la timu lindibwezere theka, ndipo izikhala kuseri kwa kauntala pabala pathu, osati pakona pomwe aliyense woledzera angaitole. Za usiku uja sitinakambiranenso, ndipo sindikudziwa ngati anasintha maganizo kapena anangoona kuti sipeya ingadzathandize ife tomwe.

Ndodo yanga ndasewera nayo magemu 11 chichokereni ku Ndirande. Tipi sinasunthe, choko cha Triangle chikugwira bwino, ndipo pomwe panali bala ndimachita kuloza ndi chala kuti munthu apaone. Mwezi wamawa tikupita ku Bangwe kukabwereza, ndipo ndidzanyamula zonse ziwiri.