Kulipira pamwezi kapena masewera aulere: ndalama ipite kuti?

Wosewera wa ku Ulónguè kapena ku Moatize ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kulipira pamwezi, monga PlayStation Plus, yomwe imafunika kuti musewere masewera a mpira a EA Sports FC pa PlayStation ndi anzanu pa intaneti. Mumapatsidwanso masewera angapo mwezi uliwonse, koma mukasiya kulipira amatsekeka. Yachiwiri ndi masewera aulere, Free Fire pa foni kapena Fortnite, momwe mumagula zovala za m'masewerawo ndi zina mukafuna nokha.

Kodi mtengo utakwera, n'koyenera kuwonjezera meticais? Yambani mwayeza ping, yomwe ndi nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva (kompyuta yoyendetsa masewera) ndi kubwerera. Ikapitirira 150 ms (1,000 ms ndi sekondi imodzi), mumawombera mdani atachoka kale, ndipo ndalama ya pamwezi singakonze zimenezo, chifukwa vuto ndi mtunda wofika pa seva komanso netiweki ya kwanuko. Yesani SIM ya Movitel ndi ya Vodacom madzulo, nthawi imene anthu achuluka pa intaneti.

Musaiwalenso ma update. Kusewera ola limodzi kumadya data yochepa, koma update imodzi ya pa PlayStation imatha kudya ma GB oposa 10. Kwa wodalira bando ya pa foni, aulere a pa foni ndiwo abwino. Kulipira pamwezi kumapindulira amene ali ndi Wi-Fi yokhazikika kunyumba.