Zidina, njerwa zootcha kapena mabuloko: kumanga nyumba ya wojambula kumudzi

Anzanga ojambula ndi osema amene lendi ya ku Kawale kapena ku Area 25 yakutopetsani, ndipo maso ayamba kuloza kwanu ku Nathenje, ku Namitete kapena ku Malingunde, dziwani kuti mmisiri akangofika pamalopo adzafunsa kuti, "Uvuni tiika pati?" Musafulumire kumuyankha. Ine ndinamanga pa malo a amayi anga kupitirira Mitundu, nyumba yogona ndi situdiyo, ndipo ndinatha miyezi ndikusinkhasinkha za khoma lokha.

Njerwa zootcha tonse tinakulira momwemo. Mmisiri aliyense amazidziwa, ndipo zikapsa bwino zimapirira mvula ngakhale khoma lisanapakidwe pulasitala. Koma uvuni sudya udzu, umadya mitengo yaikulu, ina imene agogo anaisiya dala m'munda. Ife a kuno tikudziwa zimene zachitikira Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, mpaka boma linatumizako asilikali mu 2015 kukaletsa ootcha makala. Mu 2018 kunabwera malamulo, kudzera ku bungwe loyang'anira zomangamanga la National Construction Industry Council, oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Ineyo ndinazikana pa chifukwa changa: mnzanga wosema amayenda mtunda wautali kusaka m'bawa ndi mlombwa, ndiye ine ndikaotche mitengo kuti ndipeze pojambulira mitengo yomweyo?

Mabuloko a simenti safuna nkhuni, khoma limakwera msanga komanso limaongoka. Koma simenti imaluma m'thumba, mchenga wake nthawi zambiri umakumbidwa m'mitsinje, ndipo buloko lamphako likamenyedwa ndi dzuwa la Okutobala kutentha kumalowa m'nyumba msanga. Kwa ife palinso kena: msomali wopachikira chithunzi ukagwera pa mphako sugwira.

Tsono pali dothi lenileni, ndipo apa mpamene mtima wanga unakhazikika. Njira ndi ziwiri. Yoyamba ndi zidina, zoumba ndi chikombole n'kuziumitsa padzuwa monga ankachitira makolo. Yachiwiri ndi zimene amisiri amazitchula SSB: dothi la pamalo pomwepo losakaniza ndi simenti pang'ono, pafupifupi magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse, n'kulitsindira m'makina a manja. Sizilowa pamoto, zimafundidwa ndi kuthiridwa madzi masabata angapo mpaka zitalimba. Katondo wofiira wa m'dera lathu lino amachita bwino akakhala ndi mchenga wokwanira, koma makande akuda a kudambo musawayese, amang'aluka akauma. Khoma lokhuthala la dothi limachedwa kutentha masana, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi limabweza kafundidwe kamene linasunga. Utoto nawonso suuma mothamanga pa burashi ngati m'chipinda chotentha.

Anthu amanyoza zidina kuti ndi za osauka, ndipo amaloza nyumba zimene zimagwa dzinja lililonse. Kayang'aneni bwino nyumbazo. Mupeza kuti zidina zinayalidwa pa dothi popanda maziko, ndipo denga linathera pa khoma penipeni. Chimene chimagwetsa dothi ndi madzi, ochokera pansi ndi ochokera kumwamba. Ikani maziko a miyala okwera ndithu pamwamba pa nthaka, yalani pulasitiki wakuda musanayambe khoma, tulutsani khonde mbali zonse, ndipo muziyendera chiswe. SSB imaposa zidina popirira mvula yowomba, choncho ine ndinaiika kumakoma akunja, zidina m'kati. M'situdiyo ndinapaka laimu, chifukwa khoma lofiira limadetsa mitundu ya pa chinsalu.

Za denga ndinavutika nazo mumtima, poti udzu ndimaukonda. Ndi wozizira, ndipo mvula ikamagwa mumamvana bwino polankhula. Koma nthawi ya chilimwe anyamata osaka mbewa akayatsa tchire, wofolera udzu sagona tulo, ndiye taganizani zinsalu za zaka zambiri zili m'menemo. Tizinyalala timagweranso pa utoto wosauma. Malata amatentha ndi kusokosa, koma siling'i ya nsungwi kapena ya mphasa imachepetsa zonsezo, ndipo malata amakupatsa madzi: milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 100, chaka cha mvula ya mamilimita 800, lingagwetse malita 80,000, oposa amene thanki yanu ingasunge. Udzu ndinausiyira kachisakasa kochezera alendo.

Nkhani imene mmisiri sadzakuuzani ndi ya kuwala. Mabuku a ojambula a ku Ulaya amati zenera la situdiyo liyang'ane kumpoto. Iwo ali kumpoto kwa dziko lapansi. Ife ku Lilongwe tili pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa ikweta, ndiye zathu ndi zotembenuka. Miyezi yambiri dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho zenera lalikulu likhale kumwera, kumene kuwala kumalowa kofatsa kosasinthasintha. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale dzuwa limapendekera pang'ono kumwera, koma masana limakhala pamutu, kakhonde kakafupi kamalitchinga. Mbali ya kumpoto isiyireni sola. Zenera la kumadzulo musaliike n'komwe. Ena amakonda malata oonekera padenga poti ndi otchipa, koma amagwetsa chigamba cha dzuwa chimene chimayendayenda pa ntchito yako tsiku lonse, n'kumatenthetsa mutu. Zenera lam'mwamba, pafupi ndi denga, limagwira ntchito bwino koposa.

Situdiyo yolumikiza ku nyumba imapulumutsa khoma limodzi ndi malata angapo, komanso usiku mumaimvera akuba. Yanga ndinaipatula mapazi owerengeka, n'kuzilumikiza ndi khonde, chifukwa fungo la thinala ndi fumbi losemera sizoyenera pamene ana akugona. Ogula zithunzi amafikira komweko osadutsa pabalaza, ndipo pakati pa nyumba ziwirizo ndinadzala m'bawa ziwiri, zimene tsopano zandipitirira msinkhu.