Kuswetsa nsomba za salmon kusukulu kapena kukonza mtsinje?

Ku British Columbia, m'dziko la Canada, sukulu zambiri zimalandira mazira a salmon, ana n'kumawasamalira m'thanki ya madzi ozizira mpaka ataswa, kenako n'kukasiya tinsombato mumtsinje. Magulu ena amakonza mtsinje weniweniwo: kubzala mitengo m'mphepete, kuthira timiyala toikirapo mazira, kuchotsa zotchinga njira.

Ndalama: thanki ndi makina oziziritsa madzi sizidula kwambiri, mtsinje umadya ndalama ndi zaka.

Zotsatira: salmon zimakakulira m'nyanja yaikulu n'kubwereranso mumtsinje kudzaikira mazira, koma tinsomba ta m'thanki timabwerako tochepa chabe. Mtsinje ukachira, nsomba zimaswana zokha. Pamtsinje wa Elwha, m'chigawo cha Washington ku United States, madamu awiri atagumulidwa pakati pa 2011 ndi 2014, salmon zinayambanso kukwera kumtunda.

Thanki imayenera mphunzitsi wofuna kuti ana aone moyo ukuyamba. Gulu la anthu odzipereka, lokhoza kupirira zaka zambiri, ndingalilimbikitse kusankha mtsinje.