Waya wa Medtronic 3830: amatumikira bwino pa left bundle kusiyana ndi pa His

Kwa zaka zambiri waya wa pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda, wakhala akuikidwa kunsonga kwa chipinda cham'munsi chakumanja kwa mtima. Kumuika n'kosavuta ndipo sazuka wamba, koma magetsi amayenda pang'onopang'ono mumnofu, mbali yakumanzere n'kumagunda mochedwa. Kafukufuku wa MOST anaonetsa kuti mtima ukamagunditsidwa motere kupitirira magawo 40 pa 100 a nthawi, ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha kufooka kwa mtima amachuluka.

Waya wa SelectSecure 3830, wa kampani ya Medtronic, ndiye wagwiritsidwa ntchito kwambiri pofuna kulasa mitsempha yeniyeni yamagetsi mumtima: His, mtsempha wotsitsa magetsi kupita kuzipinda zam'munsi, ndi left bundle, nthambi yake yakumanzere. Ndi woonda, 4.1 French (pafupifupi mamilimita 1.4), alibe bowo lolowetsamo kachitsulo komuwongolera, choncho amadalira kapaipi ka C315 His. Kunsonga kwake kuli kasikuluwu ka mamilimita 1.8 kosabwerera m'kati.

Pa His, njira imene Deshmukh anaifotokoza mu 2000, ECG, chithunzi cha magetsi a mtima, imaoneka yokongola zedi. Tsoka lake malowo ndi aang'ono, magetsi ofunika kuti mtima uyankhe amakhala okwera, ndipo mwa ena amakweranso patapita miyezi. Batire imatha msanga, ena amabwereranso ku thiyeta.

Njira ya left bundle, imene Huang wa ku Wenzhou ku China anaifalitsa mu 2017, ndiyo tingaiyamikire. Kapaipi kamatsitsidwa sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka kuchokera pa His, waya n'kupotokoledwa kuti aboole khoma la pakati pa mtima. Maso asachoke pa V1, umodzi mwa mizere ya ECG: kamzere kooneka ngati W kamasintha mpaka kumapeto kutulukira kansonga kokwera kotchedwa R. Apo imani. Nthawi zambiri volti imodzi sikwana n'komwe kuti mtima uyankhe. Impedance, muyeso wa mmene magetsi akutchingidwira, ikagwa mwadzidzidzi pansi pa 450 ohm, ganizirani kuti mwina waya watulukira kuseri kwa khomalo. Kungomubweza pang'ono sikuthandiza, mumuchotse n'kuyamba pena.

Si ntchito yophunzira tsiku limodzi. Mu kafukufuku wa MELOS wa 2022, mwa odwala 2533 a ku Ulaya, kuika waya pa left bundle kunatheka mwa 92 pa 100 a mtima wogunda mochedwa, koma 82 pa 100 okha mwa ofooka mtima, amene khoma lawo limakonda kukhala ndi zipsera moti waya amangozungulira osalowa. Kwa amenewa, biventricular pacing, njira yogunditsa zipinda zam'munsi zonse ziwiri ndi mawaya awiri, idakali ndi umboni wochuluka. Wodwala amene mtima wake ndi wamphamvu ndipo pacemaker imangomuthandiza mwa apo ndi apo, waya wamba amukwanira.