Mbale wanu akavulala pantchito ku Joni, musathamangire kumuitanitsa kumudzi

Abale anga a kuchigwa, kuyambira pa Thabwa kutsika mpaka ku Marka, ndi inu a kutsidya ku Makhanga ndi ku Muona, ndalemba izi ndili kuno ku Germiston ndipo ndikulembera makamaka inu muli kumudzi, osati anzanga tili nawo kunowa. Munthu akavulala pantchito kuno foni yoyamba imapita kwanu, ndipo zimene mumayankha pafoni imeneyo ndi zimene zimagamula nkhani yonse. Yankho lake limakhala lomwelomwelo, angobwera mwanayo tidzamuonera konkuno, asafere kuchilendo. Ndi mawu achikondi, sindikukana, amayi anga ku Ngabu anandiuzanso omwewo akulira, koma mawu amenewa aluzitsa anthu ambiri ndalama zomwe lamulo la dziko lino linawaikira kale.

Ine ndinkagwira pa kakampani kopanga mageti ndi zitsulo za m'mawindo. Mashini odulira malata okhuthala aja anandigwira dzanja lamanja, chala cholozera chinapita chonse ndipo chapakati chinaduka theka, gulovu inatsalira m'mashini momwemo. Foromani anangong'amba kansanza nkundimanga, nde bwana anandikweza mu bakhi yake, tili mumsewu magazi akudontha pa nsapato iye akundiuza kuti ukafika ukanene kuti wadzicheka kunyumba ukukonza geti ya landilodi. Anandipititsa chipatala cha boma nkundisiya pageti. Mnzanga wa ku Zimbabwe yemwe anakwera nafe ndi amene anayankhula kwa nesi ine ndisanatsegule pakamwa, anati uyu wavulala kuntchito, lembani choncho. Nesi analemba IOD pamwamba pa fayilo, ndiye chizindikiro chawo kuno cha munthu wovulala ali pantchito, ndipo pepala limenelo ndi limene linadzandiimira pa zonse zomwe zinatsatira.

Ndisanachire nkomwe bwana anabwera kuchipinda komwe ndimachita lendi ndi envulopu, munali R3,000, nkunena kuti tikiti ya basi ya ku Blantyre alipiranso yekha, ine ndingosaina kapepala kena kachizungu kosonyeza kuti tamvana. Amayankhula mofatsa ngati wachifundo. Amayi kumudzi ndalama imeneyo ataisintha m'makwacha m'mutu mwawo anati landira mwananga, Mulungu wamukhudza mzunguyo. Koma kulandira envulopu ngati imeneyo kuli ngati kugulitsa thonje osayang'ana sikelo, wogula ndi amene akudziwa kulemera kwake, iwe ukungoona ndalama m'manja. Mdala wina wa kwa Tengani yemwe timapemphera naye, wakhala kuno kuyambira kale, anandiuza kuti usasaine kalikonse mphwanga, mawa ndikutenga. Anandipititsa ku kaofesi kothandiza antchito mwaulere, mayi wina kumeneko anatikhazika pansi nkutifotokozera bwinobwino, ndipo zomwe ndinamva kumeneko ndi zomwe ndikufuna mumve.

Lamulo lake kuno amalitchula COIDA, ndi la 1993. Bwana aliyense wolemba anthu ntchito amayenera kulembetsa ndi kumapereka ndalama ku thumba la boma lotchedwa Compensation Fund, ndalama imeneyo siidulidwa kumalipiro a wantchito ayi. Ukavulala, thumbalo ndi limene limalipira chipatala komanso chipukuta misozi, ndipo safunsa kuti analakwitsa ndani, olo utakhala kuti iwe wemwe unaterereka. Mbali ina yake ndi yakuti bwanayo sungamusumire kukhoti kuti akulipire za kuvulalako, njira ndi ya thumbalo basi. Nde mukamva mbale wanu akuti ndimutengera loya bwana ameneyu andilipire mamiliyoni, dziwani kuti ntchito ya loya pankhani iyi ndi kukankha mapepala kuti ayende, kukakamiza bwana kuti anene ngoziyo, ndi kutsutsa ngati chigamulo chatuluka chokhota. Makampani a zomangamanga ambiri ali pansi pa FEM, a migodi ali pansi pa Rand Mutual, awa ndi mabungwe a inshulansi olipira m'malo mwa thumba la boma lija, koma lamulo ndi lomweli.

Bwana amayenera kunena ngoziyo pasanathe masiku 7 pa fomu ya W.Cl.2. Dokotala amalemba yake yoyamba W.Cl.4, kenako W.Cl.5 yonena mmene ukuchirira mpaka yomaliza. Bwana akakana, ngati mmene anakanira wanga, wantchito amatha kupita yekha ku Labour Centre nkukalemba W.Cl.3, atanyamula kalata yolumbira ya kupolisi, mapesilipi kapena mameseji a banki osonyeza malipiro, ndi maina a anthu omwe anaona ngoziyo. Olo bwanayo akhale kuti sanalembetse ku thumba, wantchito sataya ufulu wake, boma ndi limene limakathana ndi bwanayo pambuyo pake. Apa mpamene ndinamvetsa chifukwa chomwe mabwana ena amafunira kuti wovulala akwere basi msanga. Nthawi yomwe ine ndimavulala malire olembera kleimu anali miyezi 12 kuchokera tsiku la ngozi, koma musadalire malirewo, mboni zimasamuka, foromani amasintha nambala, kakampani kamatha kutseka usiku umodzi.

Za ndalama zake ndinene momveka chifukwa kumudzi nkhani imeneyi imakula mpaka kudanitsa anthu. Ukakhala kunyumba kuposa masiku atatu chifukwa cha kuvulala umayenera kulandira 75 peresenti ya malipiro ako, miyezi itatu yoyamba amapereka ndi bwana kenako iye amakabwezeredwa ku thumba. Ngati chiwalo chawonongekeratu, pali mndandanda wa m'lamulo momwemo, chala cholozera chonse ndi 10 peresenti, chala chachikulu 25, diso limodzi 30, dzanja lodukira pamfundo 50. Ikakhala 30 kutsika pansi amakupatsa kamodzi nkutha, pa 30 penipenipo ndi malipiro a miyezi 15, pansi pake amachepetsa molingana. Ikapitirira 30 ndi penshoni ya mwezi ndi mwezi moyo wako wonse. Yanga inali ya kamodzi. Sinali ndalama yogulira minibasi, koma inaposa kutali envulopu ija, ndipo chipatala chonse, opaleshoni ndi mafizo omwe, sindinatulutse olo wani randi. Mbali ina ndinatumiza pa Mukuru nkugula malata a nyumba ya amayi yomwe inagwa ndi Freddy mu 2023.

Tsopano chifukwa chomwe ndikuti musamuitanitse msanga ndi ichi. Peresenti ija imachokera pa lipoti lomaliza la dokotala, ndipo lipoti limenelo limalembedwa bala litapola, dokotala ataona kuti apa ndiye pathera. Munthu akakwera basi bala lili laliwisi, fayilo imangokhala yotsegula popanda woitseka, kumudzi akachira ndithu pa Ngabu kapena pa chipatala cha Nsanje koma mafomu a kuno palibe amene awalembe. Ndalamanso imafuna akaunti ya banki ya dzina la mwini wake. Ndiye pali za pa boda, ambiri a ife masiku a mu pasipoti anatha kalekale, ukamatuluka pa Beitbridge amakudinda kuti usabwerenso, ukapitiriza masiku osaposa 30 ndi chaka chimodzi, kuposa pamenepo ndi zaka zisanu. Munthu wadindidwa zaka zisanu adzalondola bwanji nkhani yake ali ku Bangula, pafoni ya mayunitsi ochita kupempha? Mwana wa amalume anga anagwa pa sikafodi ku Pretoria nkuthyoka msana pang'ono, abale anasonkherana ndi mtima wabwino nkumubweretsa, pano amayenda ndi ndodo, khasu sangaligwire, ndipo pepala lililonse losonyeza kuti anavulalira kuntchito alibe. Ndikamuganizira mtima umandiwawa chifukwa iyeyo ndi amene akanakhala pa penshoni.

Ndikudziwa funso lomwe muli nalo, nanga wopanda pemiti? Mantha amenewa ndi enieni ndipo mabwana amawagwiritsa ntchito, amati ukapita ku leba ndikuitanira a Home Affairs. Mu 2008 khoti la zantchito kuno linagamula pa mlandu wa munthu wina wa ku Argentina yemwe pemiti yake inatha, kuti kusowa pemiti sikumuchotsa munthu kukhala wantchito pamaso pa lamulo. Komanso bwana wolemba munthu wopanda mapepala nayenso walakwira lamulo, nde kuopseza kwake kuli ndi malire. Koma ndisakunamizeni, wopanda mapepala njira yake imakhala yolemera, makamaka pa za banki, nchifukwa chake asapite yekha ku ofesi ya boma, ayambire kwa anthu odziwa malamulo amuperekeze. Chomwe chimapha nkhani kwambiri ndi kugwira ntchito pa dzina la munthu wina. Anyamata ambiri amabwereka pepala la mnzawo kuti alembedwe, pa pesilipi pali dzina lina, mu pasipoti lina, kuchipatala akanenanso lina, tsiku la ngozi zimaoneka ngati wavulala ndi munthu yemwe kulibe. Inu makolo mukamatsanzikana ndi mwana pa depoti ya Nchalo muzimuuza zimenezi, dzina la mu pasipoti likhale lomwelo paliponse.

Thandizo laulere lilipo. Pali Legal Aid South Africa, pali Lawyers for Human Rights omwe amathandiza kwambiri anthu obwera, kuno ku Germiston kuli Casual Workers Advice Office, ku Cape Town kuli Scalabrini Centre, ndipo mayunivesite ngati Wits ali ndi maofesi omwe ophunzira zamalamulo amathandiza anthu osauka moyang'aniridwa ndi maloya. Kulemba kleimu ku thumba lija sikulipiritsa. Akakuimbirani mbale wanu kuti tumizani ndalama pali munthu akuti atulutsa chipukuta misozi sabata ino bola timupatse kaye yake, kanani, zinthu zimenezi sizituluka lero ndi lero ndipo palibe munthu wa panjira angazifulumizitse. Bwana akakuchotsa ntchito chifukwa chovulala imeneyo ndi nkhani ina payokha, imapita ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya antchito ndi mabwana, pasanathe masiku 30, yanga tinaipititsa ndipo bwana anakakamizika kukhala nane patebulo limodzi.

Azichemwali athu ogwira m'nyumba za anthu, kuchapa, kulera ana, kale lamuloli linkawasiya panja. Zinasintha mu November 2020 pamene khoti lalikulu la dziko lino, Constitutional Court, linagamula pa mlandu wa Sylvia Mahlangu, yemwe mayi ake Maria Mahlangu anamira mu dziwe losambira la abwana awo mu 2012 atagwira ntchito pakhomopo zaka zoposa 20. Khoti linati antchito a m'nyumba nawonso alowe, ndipo chigamulocho chinabwerera m'mbuyo mpaka 27 April 1994. Nde mchemwali wanu akapsa ndi mafuta kukhitchini ya madamu, kapena galu wa pakhomopo akamuluma, asauzidwe kuti zimenezo ndi za anthu a m'mafakitale okha.

Pakagwa maliro a pantchito ndi pomwe inu a kumudzi mumafunika kwambiri. Tonse timathamangira kusonkha za transipoti kuti thupi lifike, nzoyenera, koma thupi likanyamuka wina atsale akugwira mapepala, kalata ya imfa, lipoti la dokotala, nambala ya mlandu ya kupolisi, dzina lenileni la kampani ndi adilesi yake. Thumba lija limathandiza pa za maliro, mkazi wamasiye amalandira penshoni, ana osafika zaka 18 nawonso ali ndi gawo lawo. Adzafuna umboni woti mayiyu analidi mkazi wake ndipo anawa ndi akedi, choncho mtchatho wa ukwati, makalata a kubadwa a ana ndi chiphaso cha unzika zisungidwe mu pulasitiki pamalo okwera, tonse tikudziwa mmene madzi amalowera m'nyumba kwathuko Shire ndi Ruo akakwiya. Ndipo amalume, azibambo aang'ono, ndikupempha ndi ulemu wonse, ndalama imeneyi lamulo linalembera mkazi ndi ana, musaikhalire bwalo.

Agogo athu omwe anapita kumigodi ya golide nthawi ya Wenela ndi TEBA awo nkhani yawo ili padera, ya matenda a m'mapapo a fumbi ndi TB imayendera Tshiamiso Trust, yomwe inabadwa pa mgwirizano wa R5 biliyoni ndipo imakhudza omwe anagwira m'migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019. Ngati pakhomo pali kakhadi kakale ka kumgodi kokhala ndi nambala, musakataye olo mwini wake anatisiya.

Kwathu komweko lamulo lotere liliponso, Workers' Compensation Act ya 2000. Wodula nzimbe akadzitema, wa pa thilakitala akagwa, womanga mlatho akaphwanyika phazi, nkhani imakayambira ku ofesi ya leba pa boma, Chikwawa kapena Nsanje, ndipo wosowa ndalama ya loya atha kufunsa a Legal Aid Bureau. Choyamba ndi chomwechija, kuchipatala anene zoona kuti wavulalira kuntchito ndipo aonetsetse kuti adokotala alemba choncho mu buku lake la kuchipatala tsiku lomwelo.

Mbale wanu akaimba kuti wavulala, mufunseni kaye ngati kuchipatala alemba kuti ndi za kuntchito, ngati wajambula bala ndi mashiniwo pafoni, ngati pali chomwe wasaina. Ndalama yomwe mukanasonkha ya basi mutumizireni ya lendi ndi chakudya kuti akhale kuno mpaka dokotala atseke fayilo, akatero abwere. Takhuta.