Brooklyn Nine-Nine: ndinagulira mwana, koma amene wamaliza kuonera ndine

Nyenyezi 4 mwa 5.

Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4 ndipo akufuna upolisi. Kuno ku Zomba zimenezi sizodabwitsa, popeza Police College ili momwemuno, yunifomu amaiona tsiku ndi tsiku. Bambo ake ndi amene sakufuna, akuti ntchito yothamangitsana ndi akuba usiku ndi ya amuna. Ndiye ndinapita kumsika kwa mnyamata woika mafilimu pa fulashi, ndinamuuza kuti andipezere ya apolisi yopanda magazi. Anandiikira Brooklyn Nine-Nine, sewero loseketsa la ku America lomwe linayamba mu 2013 n'kutha mu 2021, ma season 8. Gawo lililonse ndi la mphindi 20 ndi pang'ono, moti umatha kuonera limodzi nyemba zili pamoto.

Chimene chinandigwira mtima ndi akazi atatu a pa polisi imeneyi ya ku New York. Mafilimu ambiri apolisi amene ndaonerapo, mkazi amakhala woliralira amene akupulumutsidwa, apo ayi ndi chibwenzi cha bwana. Muno ayi. Amy Santiago ndi uja wa m'kalasi amene amakweza dzanja aphunzitsi asanamalize funso. Amakonda mafayilo ndi malamulo mpaka kuseketsa, amafunitsitsa kukwezedwa ndipo sachita nazo manyazi. Mu season 5 anakhaladi sajenti. Rosa Diaz ndi wina: jekete lachikopa, njinga yamoto, mawu ochepa, ndipo amuna onse mu ofesi amamuopa. Gina Linetti si wapolisi n'komwe, ndi wa ntchito za mu ofesi, koma pakamwa pake mpoopsa. Atatuwa safanana ngakhale pang'ono, salimbirana mwamuna, ndipo nthabwala amazipanga okha. Sakhala ongosekerera zimene amuna anena.

Gawo limene ndinabwereza kawiri lili mu season 6. Mayi wina akudandaula kuti mnzake wa kuntchito anafuna kumugwiririra. Amy akumulimbikitsa kuti mlandu upite patsogolo, pamene Rosa akuti mayiyo adzaluza ntchito ngakhale atawina. Kenako Amy akuulula kuti bwana wake wakale anafuna kumupsompsona atangomukweza, ngati kuti ndi malipiro ake. Pamenepo ine ndi bambo a mwana tinangoti zii. Ine ndagwirapo ntchito mu ofesi zaka zambiri, nkhani zotere ndimazidziwa, ndipo kambiri zimathera pa "ingopirirani, mayi". Anthu opanga seweroli sananamize: mayi uja ntchito inamutheradi. Gawoli analitsogolera ndi Stephanie Beatriz, yemwe amasewera ngati Rosa, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake silinapepuke.

Tsiku limenelo bambo a mwana anati zonsezi ndi za azungu, kuno mkazi sangafike patali ku polisi. Ndinawakumbutsa kuti Mary Nangwale anasankhidwa kukhala mkulu wa apolisi m'dziko muno mu 2004, ngakhale aphungu a Nyumba ya Malamulo anamukana chaka chotsatira, ndipo Merlyne Yolamu anapatsidwa udindo womwewo mu 2022. Anangoti "chabwino" n'kupempha limoti.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa izi. Ngakhale akaziwa ndi amphamvu, mwini sewero ndi wapolisi wamwamuna, Jake Peralta. Iyeyo ndi chibwana chake ndiye amathetsa milandu yambiri, Amy n'kumakonza zimene wasokoneza, ndipo mapeto ake akwatirana. Chachiwiri ndi Gina ndi Terry, wapolisi wina wa pomwepo. Gina amamunena Terry za thupi lake, bambo wapabanja wa ana ake, ife n'kumayembekezeka kuseka. Akanakhala mwamuna akuchita zimenezo kwa mkazi, sewero lomweli likanamudzudzula. Komanso Gina atachoka mu season 6 sanabweretse mkazi wina m'malo mwake, ndipo mu season 8 Rosa akusiya upolisi chifukwa cha nkhanza za apolisi, munthu wakuda wa ku America dzina lake George Floyd ataphedwa ndi wapolisi. Chifukwa chake ndi chomveka, koma mu yunifomu munangotsala Amy.

Makolo dziwani kuti muli nthabwala zina za kuchipinda. Ine ndinkayamba ndaonera ndekha, magawo ena n'kudumpha. Chingerezi chake ndi chothamanga, ndipo pa fulashi yanga panalibe lomasuliridwa m'Chichewa ngati mafilimu a karate aja, choncho uzani wokuikiraniyo asaiwale mawu olembedwa pansi. Kwa ine magawo awiri a season 7 ankakana kutseguka, ndinabwerera kumsika ndipo mnyamatayo anandiikiranso osalipiritsa.

Mwana uja analekera pa season 4 chifukwa cha mayeso a MSCE. Fulashi ndaibisa m'chikwama changa mpaka alembe pepala lomaliza.