Kiti ya sipuling'i yofewetsa trigger pa mfuti yotchipa yosakira, imagwira koma si yonse nkhani

Amene mukuganiza zogula timakiti ta sipuling'i tija amati timafewetsa trigger, kachitsulo kokoka ndi chala powombera, pa mfuti zotchipa za bolt-action, zija mumakoka bolt (chitsulo chotsekera chipolopolo) ndi dzanja nthawi iliyonse mukawombera, yankho langa ndi loti inde timagwira, trigger imapepukadi ndipo chala chimamva kusiyana pompo. Koma zinthu ziwiri zofunika kwambiri mu paketimo mulibe, geji yoyezera kulimba kwa trigger ndi malangizo omveka a momwe mungayesere ngati mfuti ikadali yotetezeka mukamaliza.

Zomwe zimabwera ndi zochepa, sipuling'i yofewerapo, timashimu tomwe ndi tizitsulo topyapyala tochepetsa kugwedera kwa trigger m'mbali, ndi kapepala. Sipuling'i ya mu kiti yanga ndilibe nayo vuto, nsonga zake zosalala bwino, inakhala pamalo pake osachita kukakamiza. Kapepala ndi kamene kanandikhumudwitsa, kakungonena chotsa ichi ika ichi basi, za chitetezo timizere tochepa kumapeto, pomwe apo ndi pamene pagona moyo wa munthu.

Mfuti zambiri zotchipa zimachoka ku fakitale trigger ili pa mapaundi 5, 6 olo kupitirira, ndiye paundi imodzi ndi magalamu 454, kutanthauza kuti mapaundi 6 ndi pafupifupi makilo 2.7. Tsono taganizani, mfuti yosakira yopepuka imalemera cha m'ma kilo 3, ndiye chala chimodzi chikukoka ndi mphamvu yotsala pang'ono kufanana ndi kulemera kwa mfuti yonse, mpope ungalephere bwanji kusuntha? Nchifukwa chake ambiri timaona zipolopolo zikuthawira mbali imodzi pa chandamale nkumanamizira scope, galasi loyang'aniramo polunjika. Trigger yanga pa geji imaonetsa kupitirira 6 pang'ono, nditaika sipuling'i yatsopano inatsikira cha m'ma 3.5, ndipo magulu a zipolopolo anayamba kuyandikana makamaka ndikamawombera chiimirire kapena nditagwada popanda chotsamira. Pamenepo kitiyi ndikuipatsa ulemu wake.

Koma kulimba kwa trigger sikuchokera ku sipuling'i yokha ayi. Mkatimo muli sear, kachitsulo kamene kamagwira firing pin, kamsomali komenya chipolopolo kuti chiphulike, ili yokokedwa, ndipo kamakola pa trigger pa kamalo kakang'ono zedi. Mukamakoka mukulimbana ndi zinthu ziwiri, sipuling'i yobweza trigger komanso kukhulana kwa zitsulo ziwirizi zomwe zapanikizidwa ndi sipuling'i yamphamvu ya firing pin. Kitiyi imakonza gawo loyamba lokhalo. Kukwawa kuja amati creep, pamene trigger imayenda mokhukhuluza mfuti isanalire, kunatsala momwemo, ndipo kunena zoona ndimakumva kwambiri panopa chifukwa kale kulimba kunkakubisa. Timashimu tinathandiza kugwedera kwa m'mbali, koma creep sitinaikhudze olo pang'ono.

Apa ndi pomwe anthu amatengera tupa kapena kamashini kopalira kuti asalaze sear, ndipo abale ndikupempha, musatero. Tizitsulo tambiri ta m'mfuti zotchipa timalimbitsidwa pamwamba pokha, mukapala kachikopa kolimbako pansi pamatsala chitsulo chofewa chimene chimadyeka pang'onopang'ono, lero trigger ikoma bwino, pakapita miyezi ngodya yasintha inu osadziwa. Ndipo ngodyayo ndi imene imapangitsa kuti sear ikhale yokola, ikangopendekekera kolakwika sear imayamba kutsetsereka yokha mfuti ikagundidwa. Chimodzimodzi kudula sipuling'i yakale ndi pulayala kapena kuikamo ya mu bolopeni, ndaonapo anthu akulimbikitsana zimenezi, vuto ndi loti sipuling'i ikafooka kwambiri siibweza trigger mpaka pamalo pake, ndiye sear imakola theka, mukatseka bolt mwamphamvu mfuti itha kulira chala chili kutali.

Kayesedwe kake nkosavuta ndipo kamayenera kulembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa kapepala kaja. Magazini yosungira zipolopolo kunja, yang'anani m'chemba, momwe mumalowa chipolopolo, ndi maso komanso pisanimo chala, zipolopolo zikhale chipinda china, mpope uloze kotetezeka. Ikani snap cap, chipolopolo chabodza chopanda onga, ngati muli nayo. Tsekani bolt mwamphamvu kangapo konse, firing pin isagwe. Mfuti ili yotchera, safety, loko yoletsa mfuti kulira, ili yotsegula, gunditsani chitako pansi pomwe mwayala kalipeti, imenyeninso ndi chikhatho m'mbali. Kenako tsekani safety, kokani trigger mwamphamvu, chotsani chala, tsegulani safety. Firing pin ikangoti tchwe pa chilichonse mwa izi bwezerani sipuling'i ya ku fakitale kapena pitani nayo kwa katswiri wokonza mfuti, palibe zoti mwina zinangochitika. Yanga inadutsa zonse, komabe ndimabwereza ndikaitsuka kapena ndikamasula stock, thupi la mfuti la thabwa kapena pulasitiki lija.

Amene akuona ngati ndikukokomeza akumbukire kuti mu 2014 kampani ya Remington inaitanitsa mfuti za Model 700 ndi Model Seven zokhala ndi trigger ya X-Mark Pro, zopangidwa kuyambira pa 1 May 2006 mpaka pa 9 April 2014, chifukwa guluu wochuluka amene anagwiritsa ntchito pomanga trigger akanatha kuchititsa mfuti kuwomba mosayembekezeka. Guluu chabe, ku fakitale kwenikweni kwa anthu odziwa ntchito. Ndiye ngati mukuthira kadontho ka guluu pa sikuluwu kuti isamasuke, kakhale kochepa ndipo kasayenderere mkati. Oilo nayenso musachulutse, amakola fumbi ndipo kukazizira amalimba.

Geji gulani, olo yotchipa ya sipuling'i, za digito ngati za Lyman kapena Wheeler ziliponso. Chala chimanama, tsiku lina mapaundi 4 amamveka ngati 2. Yezani kangapo muone ngati manambala akufanana, trigger yomwe ikupereka 3 kenako 4.5 kenako 2.5 ndi yoopsa kuposa yolimba yomwe sisintha. Ndipo pa mfuti yosakira ine sinditsika pansi pa mapaundi 3, zofewa zosafika ndi paundi imodzi zija nza mfuti zowombera zitatsamira pa benchi. Kutchire mumakhala mwatopa, mtima ukugunda, zala zazizira kapena zili m'magolovesi, mfuti yakhala ikugundika pa mitengo ndi miyala tsiku lonse.

Musanaoda chilichonse tsegulani kaye buku la mfuti yanu, mwina trigger yake ndi yosinthika kale. Kampani ya Savage inabweretsa trigger yotchedwa AccuTrigger kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ili ndi kachitsulo pakati kamene kamatchinga sear ngati chala sichinakakanikize, ndipo mfuti yawo ya Axis II imabwera nayo. Mfuti ya Ruger American ili ndi trigger yomwe mumaisintha pakati pa mapaundi 3 ndi 5 ndi sikuluwu imodzi. Ngati yanu ndi ya mtundu wotere kiti simukuifuna, tsatirani buku basi. Dziwaninso kuti kusintha tizitsulo ta mkati nthawi zambiri kumathetsa waranti, ndipo pobwezera stock masikuluwu amangidwe pa mlingo womwe kampani inanena, kenako mukawombere pa chandamale kaye chifukwa zero, pomwe munachuna kuti chipolopolo chizigwera, imatha kusuntha.

Ndiye kitiyi ndi ya ndani? Ya munthu amene vuto lake ndi kulimba kokha, ali ndi geji, ndipo ali ndi mtima wodekha woyesa zonse zija osadumpha. Ngati chokuwawani ndi creep, sungani ndalamazo muonjezere mugule trigger yathunthu yongolowetsa, monga za Timney omwe akhala akupanga ma trigger kuyambira 1946, bola ikhale yopangidwira mtundu wa mfuti yanu, nayonso muiyese chimodzimodzi. Ine ndaisiya sipuling'iyi momwemo pa 3.5, ya ku fakitale ndasunga mu kabokosi kuti ndikadzafuna kugulitsa mfuti ndidzaibwezeremo kaye.